Chikalata cha 1948 ndi Mapangano a 1966

Pa 10 December 1948, mumzinda wa Paris, bungwe la United Nations lidavomereza chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa anthu onse, cha ndime 30. Maiko 48 adachivomera, kuphatikizapo Egypt, Pakistan ndi Iran. Maiko 8 sadavotere mbali iliyonse, ndipo mwa iwo mudali Saudi Arabia, yomwe idakayikira ndime 16 ya ukwati ndi ndime 18 yolola munthu kusintha chipembedzo.

Ophunzira athu ambiri amasokoneza apa. Chikalatachi sichidali lamulo. Chidangonena zoyenera kuchitika, osakakamiza boma lililonse. N'chifukwa chake mu 1966 padabwera mapangano awiri, lina la ufulu wa nzika ndi wa ndale, lina la ufulu wa zachuma, umoyo wa anthu ndi chikhalidwe. Adayamba kugwira ntchito mu 1976, ndipo dziko lolowamo limayenera kupereka malipoti a momwe likuwasungira.

Malawi idalowamo mochedwa, mu December 1993, referendamu ya 14 June itachitika kale. Choncho makolo, tikamanena kuti mtsikana asabwezedwe pa geti ya sukulu chifukwa cha hijab, timatsamira ndime 18 ya pangano loyamba lija, lomwe boma lathu lidalonjeza kulisunga.