Yalembedwa 4x4 koma ikukoka ndi matayala awiri

M'chilimwe misewu ya m'midzi ya kwa T/A Likoswe m'boma la Chiradzulu siyisankha galimoto. Kaya ndi kaminibasi, kaya ndi Sienta yodzadza ndi madengu a tomato, zonse zimadutsa ndipo chodandaula chimangokhala fumbi. Koma mvula ikagwa masiku atatu motsatizana mu January, munthu akangosiya phula la msewu wa Midima n'kulowera kumidzi yozungulira Nguludi, nkhani imasintha. Dothi limaterera ngati sopo, madzi amakumba zigwembe pakati pa msewu ndipo timakhwawa touma timasanduka mitsinje.

Anthu a m'derali sadaiwalenso za March 2023 pomwe namondwe wa Freddy adakokolola mudzi wa Ntauchira ndi kuononga misewu ndi milatho yambiri m'chigawo cha kummwera. Ngozi ngati imene ija palibe galimoto ingalimbane nayo, koma misewu yokumbika imene mvula yamphamvu imasiya ndiyo imachititsa mabanja ena kulakalaka galimoto yaitali msinkhu yokoka ndi matayala onse anayi.

Ogula ake si anthu olemera ayi. Ndi mphunzitsi amene wangolandira ndalama zake zopumira pantchito, mayi wa geni yopititsa kabichi ndi tomato kumsika wa Limbe, kapena banja limene mwana wawo ali ku Joni watumiza kangachepe. Galimoto yatsopano sangaikwanitse, choncho amathamangira yakaunjika. Chiyembekezo chawo n'chakuti katundu asaolere kumunda, komanso wodwala kapena mayi woyembekezera akafike kuchipatala cha St Joseph's ku Nguludi ngakhale pakati pa usiku mvula ili pakamwa.

Tsoka lake, patsiku logula ambiri amayang'ana penti, mipando, wailesi ndi kulira kwa injini. Pansi pa galimoto, pomwe pagona nkhani yonse ya 4x4, sasuzumirapo n'komwe.

Mphamvu ya injini imayenda ulendo wautali isadafike pa tayala. Imayamba yalowa mu giyabokosi. Kumbuyo kwa giyabokosi kuli kabokosi kena kamene amakaniko amati transfer case, ndipo ntchito yake ndi kugawa mphamvuyo pawiri. Kuchokera apo pamatuluka zitsulo ziwiri zazitali zozungulira, mapulopeshafuti, china kupita ku difu yakumbuyo, china ku difu yakutsogolo. Difu ndiyo imapatsira matayala awiri a mbali yake. Chimodzi mwa zimenezi chikafa, injini ingalire mokoma bwanji, galimotoyo si 4x4.

Apa ndiye pali chinyengo chimene amakaniko ambiri amachidziwa. Difu yakutsogolo ikaphwanyika, kapena transfer case ikayamba phokoso, eni galimoto ena safuna kulowa m'thumba. Amangomasula pulopeshafuti yakutsogolo n'kuiponya kuseri kwa nyumba. Galimoto ngati Hilux imayendabe bwinobwino ndi matayala akumbuyo okha, phokoso lija limatha, ndipo kandodo ka 4x4 akakakankha, nyali yobiriwira ija ikhoza kuyaka monga mwa masiku onse. Wogula akaiyesa pa phula mu Limbe sangaone cholakwika. Amadzazindikira mu dzinja galimoto itatitimira, matayala akumbuyo akukumba dzenje pomwe akutsogolo ali duu, anyamata a m'mudzi akutchula mtengo wokankhira. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kuyala katoni pansi, kugona chagada ndi tochi n'kuwerenga: mapulopeshafuti alipo awiri kodi? Sizifuna sukulu zimenezi.

Komanso si galimoto iliyonse yaitali msinkhu imene idapangidwira matope. Toyota RAV4, Nissan X-Trail ndi Honda CR-V, zimene zadzadza m'misewu ya dziko lino, zilibe giya yapansi ija yolembedwa 4L kapena L4. Zambiri mwa izo zimakoka ndi matayala akutsogolo ndipo zimangopatsirako mphamvu kumbuyo zikamva kuterera. Zina zidachoka ku Japan zili zokoka ndi matayala awiri basi, ngakhale thupi lake n'lofanana ndi zinzake. Pamsewu wafumbi wosalazidwa bwino zimagwira ntchito ndipo sizimwa mafuta kwambiri. Koma kuzikweza chitunda cha matope zitasenza matumba a chimanga n'kuzipha, makamaka zija za giyabokosi ya mtundu wa CVT, monga ma X-Trail ambiri a petulo a kuyambira 2007. Giyabokosi imeneyi imayendera lamba wachitsulo, imadana ndi kutentha, ndipo ikafa nthawi zambiri kuikonza kwake n'kugula ina.

Zolimbana ndi misewu yoipa zili m'magulu awiri. Pali zija dalaivala amachita kulumikiza yekha matayala akutsogolo akafika povuta, monga Hilux, Suzuki Jimny ndi Land Cruiser 70, imene idayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ndi imene mabungwe ndi zipatala zambiri amaidalira ngati ambulansi ya kumidzi. Pali zinanso zimene zimakoka ndi matayala onse nthawi zonse, monga Prado yambiri. Mitsubishi Pajero ili pakatikati, chifukwa kuyambira 1991 idabwera ndi makina olola dalaivala kusankha zonse ziwiri.

Gulu loyambalo lili ndi lamulo limene madalaivala ambiri amaliphwanya: 4x4 yake siyiyendetsedwa pa phula louma. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope tayala limatererako n'kufafaniza kusiyanako, koma pa phula palibe poterera, choncho zitsulo zimapotokolana mpaka china chigonje. Munthu amene amatuluka kumudzi ali mu 4H n'kuiwala kuchotsa mpaka kukafika ku Bangwe, akudya transfer case yake pang'onopang'ono. Wogula adzalowa m'malo mwake pa ngongole imeneyo.

Kuyesa kwenikweni kumafuna msewu wadothi, ndipo wogulitsa amene akukana kuti galimoto yake iponde dothi wayankha kale funso. Wogula apite ndi makaniko wake, osati wobwera ndi dobadoba. Ngati galimoto ili ndi timaloko tapakati pa matayala akutsogolo, atembenuze tonse tiwiri kufika polembedwa Lock. Akalowetsa 4H, kenaka n'kuimika galimoto ndi kulowetsa 4L, iyenera kukwawa ngati kamba injini ikulira mokwera. Ikamakana kulowa, ikamatuluka yokha potsetsereka kapena nyali ikamangophethira osakhazikika, pali vuto. Munthu mmodzi aime panja pamalo oterera kapena pamchenga kuti aone ndi maso ake ngati matayala akutsogolo akukumba nawo. Nyali ya pa dashibodi si mboni.

Kenaka azimitse wailesi, atsitse magalasi n'kutchera khutu. Kulira koti khethekhethe pokhota chiwongolero chitafika kumapeto, ndiye kuti CV joint yatha. Kawirikawiri chimayambitsa ndi kamphira kotchinga girizi kamene kang'ambika, mchenga n'kulowa. Kamphirako n'kotchipa, koma kakanyalanyazidwa kamaphetsa chitsulo chodula. Kugunda koti gu! poponda kapena posiya mafuta, kapenanso posintha kuchoka pa D kupita pa R, kumaloza ku timitanda ta pulopeshafuti kapena mano a difu amene adyeka. Kulira kosalekeza ngati mphepo kochokera kumbuyo, kumene kumasintha dalaivala akachotsa phazi pa mafuta, ndi difu imene ikutsanzika. Ndipo ngati injini ikukwera mawu pachitunda koma liwiro osawonjezereka, kilatchi yapsa kapena giyabokosi ya otomatiki ikuterera.

Chomwe chimanena zoona kuposa wogulitsa aliyense ndi oyilo. Difu iliyonse, pamodzi ndi transfer case, ili ndi bawuti yothirira oyilo m'mbali mwake. Makaniko akaimasula n'kupisa chala, oyilo ayenera kupezeka pafupi ndi pakamwa pomwepo. Chala chikatuluka chouma, zitsulozo zakhala zikudyana. Oyilo akamanyezimira ngati muli timchenga tasiliva, amenewo ndi mano a magiya. Akakhala ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi.

Madziwa ndi mdani wamkulu wa galimoto za kumidzi ngati ya kwa Likoswe. Difu ikayenda mtunda imatentha. Ikangomira m'madzi ozizira powoloka khwawa, mpweya wa m'kati mwake umanyala ndipo imayamwa madzi kudzera pakabowo kopumira kapena m'timphira totchinga oyilo. Mwini wake saona chilichonse tsiku limenelo. Pakatha miyezi, dzimbiri limakhala litadya mabering'i. Eni galimoto ambiri amasintha oyilo wa mu injini mokhulupirika ndithu, koma wa mu difu amatha zaka osamuona nkhope.

Oyilo wa mu giyabokosi ya otomatiki yamasiku onse amakhala wofiirira. Akada n'kumanunkha ngati nsima yopserera, wogula abweze ndalama zake m'thumba. Naponso pansi pa galimoto pakakhala potsukidwa mwaukhondo kuposa pamwamba, afunse chifukwa chake, poti madzi ndi sopo zimabisa podontha. Ndi bwino kusuzumiranso pansipo pobwera koyesa kuja.

Pali zinthu ziwiri zimene ngakhale ogula ochenjera zimawadutsa. Choyamba ndi matayala. Chifukwa cha kudula kwa atsopano, ambiri amagula akaunjika limodzilimodzi, ndipo galimoto imapezeka yavala matayala anayi osiyana kukula. Kwa galimoto yokoka ndi onse anayi nthawi zonse, kusiyana kumeneku kumagwiritsa ntchito makina apakati usana ndi usiku mpaka kutopa. Chachiwiri ndi difu yosinthidwa. Difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala ndi chiwerengero chogwirizana cha mano. Galimoto za dzina limodzi zimatha kusiyana pamenepa, malinga ndi injini ndi giyabokosi yake. Wina akagula difu yakale imene yangokwana mabawuti koma mano ake ndi ena, galimoto imayenda bwino ndi matayala awiri, koma tsiku lolowetsa 4x4 kutsogolo ndi kumbuyo kumakokana ngati ng'ombe ziwiri zosazolowerana pa goli.

Nanga yabwino ndi iti, yoitanitsa ku Japan kapena yogula konkuno? Iliyonse ili ndi msampha wake. Za ku Japan, zimene zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe, zimakhala zitayenda m'misewu yabwino. Lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake amazigulitsira zikadali zooneka bwino. Koma zambiri zidakhalira m'tauni osalowetsedwapo 4x4, kotero timakina tamagetsi kapena tampweya tolumikiza matayala akutsogolo timapezeka titauma. Zochokera kumadera a chipale chofewa monga Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu, zimabwera ndi dzimbiri pansi, malo amene zithunzi za pa intaneti sizionetsa kawirikawiri. Woitanitsa sangaiyese asadalipire, choncho asungeko ndalama yosinthira oyilo yense wa pansi ikangofika.

Zogula konkuno, makamaka zimene mabungwe amagulitsa pa okushoni, zimakhala zitaona mavuto a misewu yathu, ngakhale zina zimakhala ndi buku loonetsa mmene zinkasamalidwira. Ubwino wake ndi umodzi: munthu akhoza kugona pansi pake asadatulutse tambala. Chiphaso cha COF chisamunamize. Chimenechi chimatsimikiza zinthu monga mabuleki, nyali ndi matayala, sichilonjeza kuti 4L ikugwira ntchito.

Nkhani ya masipeyala nayo njosathawika. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha pansi pa galimoto chimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera nayo limodzi. Galimoto imene ili ndi anzake ambiri pamsewu, zitsulo zake zimapezeka m'mashopu a mu Limbe ngakhalenso kwa ophwasula galimoto ku Ndirande, ndipo makaniko wapansi pa mtengo amaidziwa. Yachilendo, ngakhale itchipe chotani pogula, ikhoza kutha dzinja lonse ili pa njerwa kudikira kachitsulo kochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai. Wofuna Pajero adziwenso kuti kampani ya Mitsubishi idasiya kupanga galimotoyi mu 2021, ngakhale zitsulo zake zikupezekabe.

Ikagulidwa, 4x4 imafuna kugwiritsidwa ntchito ngakhale kunja kuli ng'amba. Mabuku a Toyota a galimoto zochita kulumikiza matayala akutsogolo amalangiza kuyenda makilomita 16 mwezi uliwonse zili mu 4x4, kuti oyilo azungulire zitsulo zakutsogolo zisaume. Kwa wokhala kwa Likoswe malo ochitira zimenezi si osowa. Ndi msewu wafumbi womwewo wochokera kunyumba, bola akumbukire kubweza kandodo pa 2H tayala lisadaponde phula.