Kudzidziwa kumafuna maso a anzathu

"Ine ndimadzidziwa ndekha, palibe angandiuze." Mawu otere amamveka kawirikawiri pa milandu ya m'banja, ankhoswe atakhala pamphasa, bambo akukanitsitsa kwamtuwagalu kuti si waukali, chonsecho ana ake akangomva mapazi ake pakhonde kuseka konse kumathera pomwepo. Bamboyo sakunama dala. Akunena zimene amaziona mwa iye mwini, koma munthu payekha sadziona yense.

Mu 1999, David Dunning ndi Justin Kruger a pa yunivesite ya Cornell ku America anapatsa ophunzira mayeso a galamala, a kuganiza mwadongosolo ndi a kuzindikira nthabwala, kenaka n'kuwafunsa mmene akuganizira kuti akhozera. Amene analakwa kwambiri, oti anaposa anzawo 12 okha mwa 100 alionse, ankadziyesa kuti aposa anzawo 62. Akatswiriwa anati luso limene munthu alibe ndi lomwelo limene likanamuthandiza kuona kuti akulakwitsa. Ena mwa ophunzirawo atawaphunzitsa pang'ono, anayamba kuzindikira pamene anaphonya. Apa m'pamene ndikuona chiyembekezo, chifukwa khungu limeneli limachira.

Wina anena kuti kumvera za anthu n'kudzitaya, poti pakamwa pawo pamadzaza nsanje ndi miseche, ndipo woyendera zonena za aliyense amatha moyo wake akusangalatsa ena. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo mbali ina sayansi ikuivomereza. Kafukufuku wa Simine Vazire wa mu 2010 anaonetsa kuti pa zobisika mumtima, monga nkhawa, mwiniwake ndiye amadziwa bwino kuposa wina aliyense. Koma pa zimene timafunitsitsa kutamandidwa nazo, monga nzeru ndi luso lopeka zatsopano, anzathu apamtima amatiyeza molondola kuposa ife eni. Pamene pali ulemu wathu m'pamene timadzikondera.

Choncho nkhani yagona pa kusankha womufunsa ndi chomufunsa. Akuluakulu ponena kuti wakutsina khutu ndi mnansi sankanena za wodutsa m'njira, ankanena za munthu amene wakuona nthawi yaitali ndipo sapindula kanthu ukagwa. Ngakhale woteroyo, ukamufunsa kuti "ndine munthu wotani?" angokuyankha zokukomera, poti amakulemekeza. Funso lothandiza ndi laling'ono, lovuta kulizemba: "Pamsonkhano wa dzulo uja, kodi ndinakupatsani mpata woti mumalize mawu anu?"