Galimoto ya 4x4 ikakanika m'matope, yambani mwaona mahabu

Mwezi wa February chaka chatha ndinaperekeza amalume anga kukatenga mbatata ya kachewere kumunda wina kumbali ya Tsangano, m'boma la Ntcheu. Galimoto yawo ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, ija yolembedwa 4x4 m'mbali. Pobwerera mvula inatipeza, ndipo titafika pakadambo kena matayala akumbuyo anayamba kungozungulira pamalo amodzi. Amalume anatsika, napotoza tizogwirira tiwiri tapakati pa magudumu akutsogolo kuchoka pa FREE kupita pa LOCK, kenako nalowetsa giya ya 4L. Injini inabangula, matope anauluka kumbuyo, koma magudumu akutsogolo anangoti zii. Tinatsitsa matumba onse mvula ili pamsana, tinagona pomwepo, ndipo pamene timafika pamsika m'mawa mwake wogula uja anali atanyamula mbatata ya anthu ena.

Chimene chinatigoneka padambo si injini kapena giyabokosi. Ndi chitsulo chosaposa kapu ya tiyi, chimene amakaniko amachitcha habu. Patchuthi chotsatira ine ndi amalume tinamasula mahabu onse awiri n'kuwakonza tsiku limodzi lokha. Ambiri a ife timachokera kumadera kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja, ndipo enafe tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa kumeneko. Walira mvula walira matope. Ndiye n'kwabwino kudziwa mmene chitsulochi chimagwirira ntchito ndi mmene munthu angachikonzere.

Ntchito ya habu

M'galimoto zamtunduwu, mphamvu ya injini ikachoka m'giyabokosi imalowa m'kabokosi kena ka magiya kotchedwa transfer. Pa 2H kabokosika kamatumiza mphamvu kumbuyo kokha. Pa 4H kapena 4L kamatumizanso kutsogolo, kudzera mu shafuti yofika ku difu yakutsogolo. Kuchoka mu difu, mashafuti awiri amapita ku magudumu, wina kumanja wina kumanzere. Habu imakhala kunsonga kwenikweni kwa shafuti, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza kapena kulekanitsa gudumu ndi shafutiyo.

Pa FREE gudumu limazungulira palokha, mashafuti ndi difu zili phee. Zitsulo sizidyeka pachabe, phokoso limachepa, mafuta amapulumukako. Pa LOCK gudumu ndi shafuti zimakhala chinthu chimodzi. Nzeru imeneyi inatchuka ku America, kumene Arthur Warn anayamba kupanga mahabu m'chaka cha 1948 poona kuti ma Jeep otsala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankavuta kuyenda nawo pamsewu wabwino. Kuno kwathu amene timawaona kawirikawiri ndi a kampani ya Aisin ya ku Japan, opezeka pa Hilux zakale ndi pa Land Cruiser 70, galimoto imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo timaidziwa bwino ngati ambulansi ya kumidzi.

M'kati mwa habu ya Aisin muli zinthu zochepa. Muli giya yam'kati yovala kunsonga kwa shafuti. Muli mphete ya mano, imene mano ake akunja amagwirana ndi thupi la habu nthawi zonse, ndipo thupilo ndi lomangidwa ku gudumu. Mpheteyi imatha kusendera m'kati ndi kunja. Ikasendera m'kati, mano ake am'kati amaluma giya ya shafuti ija, ndiye LOCK. Ikabwerera, ndiye FREE.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi. Mukapotoza chogwirira, dzanja lanu silikankha mpheteyo. Limangomasula sipulingi yaikulu, ndipo sipulingiyo ndi imene imakankha. Pobwerera pa FREE, sipulingi ina ndi imene imaikoka. Anakonza chomwechi kuti ngati mano sanayang'anizane bwino, mphete idikire mpaka gudumu litasuntha pang'ono kenako igwere m'malo mwake. Koma mphamvu ya sipulingi ndi yochepa. Dzimbiri, matope kapena girizi wouma zikhoza kuigonjetsa. Motero muvi wa pachogwirira ukhoza kuloza pa LOCK pamene m'kati simunachitike kanthu.

Mwina mungafunse kuti habu imodzi ikafa, bwanji gudumu linalo silikoka. Yankho lili mu difu. Difu wamba imathamangitsira kuzungulira kumbali imene kulibe cholemetsa. Shafuti ya habu yakufayo imangozungulira yokha m'kati mosavuta, ndipo gudumu la habu yabwino silipeza mphamvu yokokera. Habu imodzi ikafa, galimoto yonse yasanduka yokoka ndi magudumu awiri akumbuyo. N'zimene zinatichitikira padambo paja.

Zizindikiro zoti habu yadwala

Chogwirira chikayamba kulimba mpaka kufuna pulayazi, dziwani kuti m'kati mwalowa madzi kapena fumbi. Phokoso la khekhekhe kapena kugunda kochokera pakati pa gudumu galimoto ili pa 4H ndi chizindikiro choti mano akungokhudzana nsonga. Girizi wotuluka m'mbali mwa chivundikiro amasonyeza kuti gasiketi yatha. Kuti mutsimikize, imikani galimoto pamalo afulati, ikani miyala kumatayala akumbuyo, giya ikhale pa 2H, mahabu onse pa LOCK. Kwezani gudumu limodzi lakutsogolo ndi jeke n'kulizunguza ndi manja. Shafuti yochokera ku transfer kupita ku difu yakutsogolo iyenera kuzungulira nalo. Mukabweza habuyo pa FREE, gudumu lizungulire lokha. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Poyang'ana shafuti suzumirani muli pambali, osalowa pansi pa galimoto yoimira jeke yokha.

Zofunika pa ntchitoyi

Mufunika masipanala a bokosi a 10 ndi 12, pulayazi yochotsera ma circlip, hamala, kachidutswa ka mkuwa kogogodera, palafini, burashi yakale yotsukira mano, nsanza zoyera ndi girizi wa maberingi. Gulanitu magasiketi awiri apepala pa habu iliyonse ndi kamphira kozungulira ka pachogwirira. Yalani katoni kapena thumba loyera pansi. Masulani habu imodzi kaye, inayo ikhale chitsanzo, ndipo jambulani ndi foni musanachotse chilichonse. Amalume anandipatsa lamulo limodzi: “Mphwanga, chimene wachotsa choyamba uike kumanzere, chotsatira pambali pake, mpaka mzere uthe. Pobwezera uyambire kumanja.”

Kumasula

Ikani chogwirira pa FREE. Masulani mabawuti 6 aang'ono a chivundikiro ndi sipanala ya 10, kenako chikokeni molunjika. Chimatuluka pamodzi ndi mphete ya mano ndi masipulingi ake. Kunsonga kwa shafuti mupeza circlip, kapena pa galimoto zina bawuti yokhala ndi washala. Chotsani chimene mwapezacho.

Thupi la habu limamangidwa ndi manati 6 a sipanala ya 12. Pansi pa manatiwo pali timawashala tooneka ngati kafanelo, tong'ambika mbali imodzi, timene timaluma mabawuti mwamphamvu. Apa ndi pamene ambiri amaonongera habu, chifukwa amalowetsa sukuludiraiva pakati pa thupi ndi gudumu n'kumakanula, ndipo nkhope yogonapo gasiketi imakandika. Njira yabwino ndi kubweza nati mpaka ifanane ndi nsonga ya bawuti, kuikapo kachidutswa ka mkuwa kaja n'kugogoda ndi hamala. Kugwedezekako kumatulutsa kawashala pang'onopang'ono. Tonse tikatuluka, thupi la habu limasololoka ndi manja.

Tsopano khalani pansi pamthunzi. Pachivundikiro, kanikizani sipulingi yaikulu n'kupotoza mphete ya mano pang'ono kuti imasuke pa chogwirira. Yang'anitsitsani mmene sipulingi yokoka yakolekedwera mumzere wa m'kati mwa mphete, ndipo jambulani. Chotsani circlip yogwira chogwirira, koma pochisolola phimbani ndi nsanza. M'mbali mwake muli kampira kachitsulo kochepa kuposa njere ya nandolo, kokhala pa kasipulingi kake, kamene kamachititsa chogwirira kuti chidziti kha chikafika pa FREE kapena pa LOCK. Kathu kanadumpha n'kugwera mumchenga, ndipo tinakapeza patatha theka la ola ndi maginito ya sipika yakale. Ku thupi la habu, chotsani ma circlip kuti giya yam'kati ituluke pamodzi ndi mphete yosalala imene giyayo imazunguliramo ndi washala wake.

Kutsuka ndi kuyang'ana

Tsukani zitsulo zonse m'palafini, kutali ndi moto, ndipo burashi ifike pakati pa mano onse. Palani zotsalira za gasiketi yakale mosamala. Zikauma, yang'anani chimodzichimodzi padzuwa. Mano a mphete ndi a giya yam'kati akhale akuthwa m'mbali. Ngati abulungika nsonga kapena ena athyoka, chitsulocho chatha ndipo girizi sangachichiritse. Masipulingi asakhale othyoka, opindika kapena odyeka ndi dzimbiri. Giya yam'kati izungulire bwino mumphete yake yosalala popanda kugwedera kwambiri. Lowetsani mphete ya mano m'thupi la habu popanda girizi, ndipo iyenera kusendera uku ndi uku ndi chala chimodzi. Ikakakamira, chotsani dzimbiri ndi sandipepala yosalala kwambiri.

Mu habu yathu yakumanzere tinapeza gasiketi yong'ambika. Madzi a m'madambo ankalowera pamenepo, n'kusakanikirana ndi girizi wakale ndi dzimbiri mpaka kupanga phala lofiira lolimba ngati dothi la chulu. Mphete inali itamatirira pa FREE. Mano onse anali bwinobwino. Chimene chinatiluzitsa msika chinali pepala long'ambika.

Kubwezera

Pakani girizi wochepa, wongonyezimiritsa chitsulo, pa mano, pamphete yosalala ndi pakamphira katsopano. Ambiri amaganiza kuti kudzaza girizi ndi kusamala, koma mu habu n'kuononga. Girizi wambiri amatseka malo amene mphete iyenera kusendera, ndipo akalimba m'nyengo yozizira ya June ndi July sipulingi imalephera kuikankha.

Bwezerani giya yam'kati, mphete yosalala, washala ndi ma circlip m'thupi la habu. Ikani gasiketi yatsopano, valikani thupilo pa mabawuti, bwezerani timawashala tafanelo ndi manati. Mangani modumphadumpha, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, kuti thupi ligone mofanana. Pa Hilux zakale manatiwa amamangidwa pafupifupi 31 Nm, ndipo buku la galimoto yanu ndi limene lili ndi nambala yake yeniyeni. Bwezerani circlip kapena bawuti ya kunsonga kwa shafuti. Shafuti ikabwerera m'kati, lowetsani bawuti m'bowo la kunsonga kwake n'kuikokera kunja mpaka mzere wa circlip uoneke.

Mangani chivundikiro motsata mzere wanu uja: kamphira, kasipulingi ndi kampira, chogwirira, circlip, kenako masipulingi ndi mphete ya mano. Musanachiike pa galimoto, chiyeseni m'manja. Mukapotozera ku LOCK mphete ituluke, mukabweza ku FREE ibwerere. Ikani pa FREE, yalani gasiketi yachiwiri, ndipo onani kuti m'kati mwa thupi muli malo ena opanda mano. Timakutu ta chitsulo chonyamula mphete tiyang'anizane ndi malo amenewo. Chivundikiro chikakana kulowa musachimenye, chitulutseni muyang'anizenso. Mabawuti ake ndi aang'ono ndipo amafuna pafupifupi 10 Nm basi. Mukawakakamiza amathyokera m'kati.

Mukatha mbali zonse, bwerezani kuyesa kwa pa jeke kuja, kenako kayendeni pang'ono pamsewu wafumbi muli pa 4H.

Kusamala kuti vuto lisabwerere

Mahabu onse awiri azikhala pamalo ofanana, FREE onse kapena LOCK onse. Potozani chogwirira mpaka chifike pachizindikiro penipeni, chifukwa kusiyira panjira kumadya mano. Tsekani mahabu musanalowe m'matope, osadikira kuti mutitimire. Nthawi ya dzinja mukhoza kuyenda ali pa LOCK giya ili pa 2H, kuti pakavuta mungolowetsa 4H muli m'kati. Koma musayende pa 4H kapena 4L pa tala wouma, chifukwa galimoto izi zilibe difu yapakati ndipo pokhota zitsulo zimakokana. Musalowetsenso 4L mahabu ali pa FREE, popeza mphamvu yonse imagwera mashafuti akumbuyo okha. Kampani ya Toyota imalangiza kuyendako pa magudumu onse anayi makilomita osachepera 16 mwezi uliwonse, kuti oyilo afike pa zitsulo zakutsogolo. Mukaoloka mtsinje madzi n'kumiza mahabu, tsegulani zivundikiro mukafika kunyumba muone ngati mwalowa madzi.

Nthawi yabwino yochitira ntchitoyi ndi September kapena October, pansi pali pouma ndipo galimoto ikhoza kuima tsiku limodzi. Ngati kwanu, kusukulu kwanu kapena kuntchito kwanu kuli galimoto yotere, funsani woyendetsa kuti mahabu ake anatsegulidwa liti komaliza. Dzinja lathali amalume anadutsanso padambo lomwe lija ndi matumba odzaza. Anatsika patali, napotoza tizogwirira tiwiri tija, ndipo anafika pamsika wogula asanamalize kumwa tiyi.