Utitiri Ndiwo Uthawitsa Nkhuku pa Mazira

Dzuwa la mwezi wa October likafika pacimake m'midzi ya ku Katete ndi Petauke, nkhuku zambiri zofungatira zimathawa mazira ao. Eni ake amanamizira njoka, koma kawiri-kawiri mdani weniweni ndi utitiri.

Usana utitiri umabisala m'ming'alu ya khola ndi m'udzu wa m'cisa, ndipo usiku umatuluka kudzayamwa magazi. Motero nkhuku zimaonda ndi kuleka kuikira, anapiye namafa.

Mlimi wanzeru amatentha udzu wakale wa m'cisa, amathira madzi owira pa mitengo yogonapo nkhuku, namata ming'alu yonse ndi dothi. Amaikanso phulusa louma pomwe nkhuku zimasamba fumbi. Nchitoyi iyenera kubwerezedwa patapita masiku 7, popeza utitiri umaswa ndi kukula m'sabata imodzi yokha.

Kumene nkhuku zimagona m'nyumba, ana amacezera kudzikanda. Mphasa ziyanikidwe padzuwa, zofunda zicapidwe ndi madzi otentha, ndipo nkhuku zimangiridwe khola lao panja. Utitiri ukakanika, mlangizi wa ziweto ndiye adziwa mankhwala oyenera.