Mapilisi awiri amene anagwetsa amalume ku Shimabala

Foni inalira ndili m'minibasi ya ku Kafue, titangodutsa Chilanga. Anali msuweni wanga. "Uli pati manje? Ba tate akangiwa kuima, miyendo ibaba maningi." Ndinauza kondakita kuti anditsitse pafupi ndi toll gate ya Shimabala, ndipo chenji changa chinapita ndi basiyo.

Amalume ali ndi zaka 67. Kwa zaka zitatu akhala akumwa simvastatin usiku uliwonse, mankhwala otsitsa kolesterolo, mafuta aja amene amatseka mitsempha ya magazi. Sanawavutepo. Tsikulo ndinawapeza atagona pamphasa, ntchafu ndi mapewa zikuwawa ngati anyamula matumba a simenti tsiku lonse. Iwo ankati ndi malungo. Koma msuweni anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mkodzo wawo wada ngati Coca-Cola.

Kuchipatala ku Kafue dokotala anafunsa ngati pali mankhwala ena amene amwa sabata imeneyo. Amalume anapukusa mutu. Kwa iwo, ndipo kwa ambirife, mankhwala ndi okhawo olembedwa pakhadi, ogula tokha sitiwerengera. Msuweni ndiye anatulutsa kabokosi kamene anagula pa kashopu kena, ka zilonda za m'mimba. Mkati munali clarithromycin.

Nkhani yake ili m'chiwindi. Ndicho chimaphwanya simvastatin kuti achoke m'thupi, ndipo clarithromycin ndi m'bale wake erythromycin amatsekereza ntchito imeneyo. Munthu amamwa kapilisi kake kamodzi monga mwa masiku onse, koma m'magazi mankhwala amangounjikana ngati magalimoto pa toll gate kumapeto kwa mwezi. Akachuluka, minofu imayamba kuonongeka, zinyalala zake zimapita ku impso, ndipo impso zikhoza kuima. Mkodzo wakuda uja ndi minofu imene ikutuluka.

Si za ku Shimabala kokha. Mu 2013 ofufuza a ku Ontario, ku Canada, anaona mbiri ya okalamba oposa 140,000 amene ankamwa mankhwala a kolesterolo a mtundu umenewu. Amene anapatsidwa clarithromycin kapena erythromycin anagonekedwa kwambiri chifukwa cha minofu ndi impso, ndipo anamwalira ambiri, kuyerekeza ndi amene anapatsidwa azithromycin. Vutoli siligwira aliyense, ambiri amadutsa osamva kanthu. Koma okalamba ndi odwala impso ndiwo ali pafupi nalo, ndipo awa ndi makolo athu amene timawagulira mapilisi tikamachoka m'tauni.

Chimene chinandiwawa n'chakuti kupewa kwake n'kosavuta. Dokotala akadziwa, amatha kuimitsa simvastatin kwa masiku ochepa mpaka mankhwala enawo athe, kapena kusankha mankhwala ena. Atorvastatin nayenso amafuna kusamala komweko. Ma ARV okhala ndi ritonavir nawo sayenderana ndi simvastatin, choncho khadi la ku ART lisatsale m'thumba chifukwa cha manyazi. Koma musasiye mankhwala a kolesterolo mwa inu nokha chifukwa mwawerenga izi pampando wakumbuyo wa basi. Funsani. Ndipo ngati minofu ikuwawa popanda chifukwa, thupi lafooka, mkodzo wada, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Wogulitsa uja sanafunse kanthu, amalume nawo sananene kanthu. Ine sindingaloze chala kwambiri, chifukwa ndalama yogulira kabokosiko ndinatumiza ndine pa foni, n'kuwauza kuti asavutike kukaima pamzere.

Anakhala masiku 5 pa dripu. Impso zinabwerera, ngakhale mpaka lero akakwera njinga amatsika pa kamtunda kalikonse. Sabata yatha ndinawaperekeza kukaonedwanso. Ananyamula pulasitiki ya buledi yodzaza mabokosi onse a m'nyumba, mpaka mankhwala a m'maso a azakhali, n'kukhuthula patebulo la dokotala. "Onani vonse," anatero, "musankhe mweka."