Kodi mumadziwa? BODMAS, kakyuleta ya mavenda ndi masamu a pa Mkanda

Kodi mumadziwa kuti makakyuleta awiri abwinobwino, osawonongeka ngakhale pang'ono, atha kukupatsani mayankho osiyana pa samu imodzi? Tengani kakyuleta ya mabatani akuluakulu ija imakhala pambali pa sikelo ya mavenda ogula soya ndi mtedza pa Mkanda, mudine 20 + 3 × 50. Ikuyankhani 1,150. Lembani zomwezo pa kakyuleta ya mu foni ya Android, mupeza 170. Ya pamsika ija imawerengera nthawi yomweyo batani lililonse likadinidwa: 20 ndi 3 zakwana 23, kenako 23 kuchulukitsa ndi 50. Ya mu foni imadikira mumalize kulemba, n'kuyamba yachulukitsa kaye 3 ndi 50, kenako n'kuphatikiza 20. Yankho lovomerezeka m'masamu ndi 170.

Kodi mumadziwa kuti mlimi amene sanamvepo za BODMAS samalakwitsa samu imeneyi? Akatsitsa pa ngolo matumba 3 a makilogalamu 50 ndi kathumba kena ka makilogalamu 20, amadziwa kuti wabweretsa makilogalamu 170. Kwa iye 3 ija ndi matumba, 50 ndi kulemera kwa thumba limodzi, ndipo 20 ndi kathumba kapadera kaja kamangidwa pakamwa ndi luzi. Munthu wamutu wake sangaphatikize makilogalamu 20 ndi matumba 3. Vuto limabwera manambala akalembedwa papepala okhaokha, opanda mayina awo. Lamulo lakuti kuchulukitsa kuyambe, kuphatikiza kubwere pambuyo, linaikidwa kuti wowerenga pepalalo amve zomwe mwini matumba akuziona ndi maso. Ine ndimaona kuti kuphunzitsa mutu umenewu kuyenera kuyambira pamenepa, osati pa kuloweza zilembo za BODMAS.

Kodi mumadziwa ntchito ya batani la M+? Dinani 3 × 50, kenako M+. Dinani 20, kenako M+. Mukadina MR kapena MRC, kakyuleta yotchipa ija ikupatsani 170. Batanili limasunga gawo lililonse la samu palokha. Ambiri amangolilumpha mpaka kakyuleta kutha.

Kodi mumadziwa kuti BODMAS ili ndi zilembo 6 koma masitepe ake ndi 4 okha? Zilembozo zikuimira mawu a Chingerezi akuti Brackets, Of kapena Orders, Division, Multiplication, Addition ndi Subtraction. Sitepe yoyamba ndi zomwe zili m'mabulaketi. Yachiwiri ndi timanambala tapamwamba tija, monga 5², pamodzi ndi ma square root. Yachitatu ndi kugawa ndi kuchulukitsa, zonse pamodzi, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Yachinayi ndi kuphatikiza ndi kuchotsa, nazonso pamodzi, kuyambira kumanzere. D saposa M, ndipo A saposa S.

Apa ndi pamene ana ambiri amagwera, ndipo amagwa chifukwa chomvera. Mphunzitsi alemba pabolodi 10 − 4 + 3. Mwana wakhama, amene waloweza bwino zilembo zija, aphatikiza kaye 4 ndi 3, apeza 7, achotsa pa 10, alemba 3. Akamuthetha ndi cholembera chofiira amadabwa: "Aphunzitsi, si paja A amayamba, S amabwera pambuyo?" Mwanayu sanachite ulesi. Wachita ndendende zomwe zilembozo zikuoneka ngati zikunena. Koma mufunseni chonchi: unali ndi K10,000, walipira kabaza K4,000, kenako mnzako wakubwezera ngongole ya K3,000, m'thumba muli zingati? Ayankha K9,000 osagwira n'komwe pensulo. Yankho la samu ija ndi 9.

Kodi mumadziwa kuti mwana wa ku America amagwera m'dzenje lina? Kumeneko amaloweza PEMDAS, momwe M ali patsogolo pa D. Mukampatsa 24 ÷ 4 × 3, wosachenjera amayamba ndi 4 × 3, n'kupeza 2, pamene yankho ndi 18. Ku Canada amati BEDMAS, ku Britain ambiri amati BIDMAS, ndipo ana a ku Chipata, tsidya lina la malire, amaloweza BODMAS ngati a kuno. Dziko lonse lamulo ndi limodzi, zilembo zokha ndizo zimasiyana. A ku Germany anachita mwanzeru kuposa tonsefe: kwawo chizindikiro chochulukitsira ndi kadontho kamodzi, chogawira ndi timadontho tiwiri, ndiye amangophunzitsa ana kuti za madontho ziyambe, za mizere zitsatire. Mwana wophunzira choncho saganiza kuti kugawa kumaposa kuchulukitsa.

Kodi mumadziwa kuti zizindikiro za masamu sizinabadwe tsiku limodzi? Zizindikiro za + ndi − zinayamba kuoneka m'buku losindikizidwa m'chaka cha 1489, buku la masamu a malonda la Johannes Widmann, ku Leipzig. Chizindikiro cha = anabwera nacho ndi Robert Recorde, wa ku Wales, mu 1557. Cha × chinafala kudzera m'buku la William Oughtred la mu 1631, ndipo cha ÷ anachigwiritsa ntchito pogawa ndi Johann Rahn wa ku Switzerland mu 1659. Kuchokera pa + kufika pa ÷ panadutsa zaka 170. Zisanabwere zizindikirozi anthu ankalemba masamu m'mawu, ndipo chiganizo chinkanena chokha choyamba kuchita.

Kodi mumadziwa kuti lamuloli ndi pangano la anthu, osati chinthu cha chilengedwe? Kuti 3 × 50 ndi 150 palibe angasinthe. Koma zoti pa 20 + 3 × 50 tiziyamba ndi kuchulukitsa, akatswiri anangozolowerana choncho chifukwa zimachepetsa ntchito. Pamene René Descartes ankalemba algebra yake mu 1637 ndi zilembo monga x ndi y pamodzi ndi timanambala tapamwamba, kalembedwe konga 3x + 2 kanali kotanthauza kale kuti 3 ndi x ndi chinthu chimodzi. Popanda pangano limeneli, mzere uliwonse wa algebra ukanadzaza ndi mabulaketi. Komabe pa nkhani ya ÷ ndi × kusamvana kunakhalapo nthawi yaitali. Florian Cajori, amene analemba mbiri ya zizindikiro za masamu mu 1928 ndi 1929, ananena kuti pa nthawi yakeyo panalibe mgwirizano wa chimene chiyenera kuyamba ziwirizi zikakumana mu samu imodzi.

Kodi mumadziwa kuti samu ya 8 ÷ 2(2 + 2) inakanganitsa anthu pa Twitter mu 2019 mpaka nkhani yake kulembedwa mu New York Times? Ena ankati 16, ena ankati 1. A 16 ankatsatira lamulo la kumanzere kupita kumanja: 8 ÷ 2 ndi 4, kuchulukitsa ndi 4. A 1 ankati 2 amene wagundana ndi bulaketi ndi chinthu chimodzi ndi bulaketiyo, monga momwe ambiri amawerengera 2x mu algebra. Ngakhale makakyuleta a sayansi, amene ophunzira a ku sekondale amagula, sagwirizana pa samu zotere. Mitundu iwiri ya kampani imodzi itha kupereka mayankho awiri. Katswiri wa masamu Steven Strogatz, amene analemba za mkanganowo, anati lamulo la kusukulu limapereka 16, koma anaonetsanso kuti samuyo inalembedwa mosokoneza. Ine ndikugwirizana naye kwathunthu. Samu yotere si yoyesera nzeru za mwana, ndipo mphunzitsi asaiike pa mayeso. Wofuna 16 alembe (8 ÷ 2) × (2 + 2). Wofuna 1 alembe 8 pamwamba pa mzere, 2(2 + 2) pansi pake.

Kodi mumadziwa kuti bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO limalangiza kuti chizindikiro cha ÷ chisamagwiritsidwe ntchito pogawa m'zolemba za sayansi? Limafuna mzere wa fulakishoni kapena kamzere kopendekera. Ku Norway ndi ku Denmark chizindikiro chomwechi chakhala chikugwiritsidwanso ntchito potanthauza kuchotsa.

Kodi mumadziwa kumene kunachokera 44 peresenti ija ya mu Novembala 2023? Reserve Bank of Malawi itagwetsa mphamvu ya kwacha, mtengo wa dola imodzi unachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Samu yake ndi (1,700 − 1,180) ÷ 1,180, yomwe imapereka 0.44. Mukachotsa mabulaketi, kugawa kumayamba, ndipo mutsala ndi 1,700 − 1, kutanthauza 1,699, nambala yopanda tanthauzo lililonse. Palinso china chimene ambiri sanachione: 44 peresenti ndi mmene dola inakwerera. Mukafuna kudziwa mmene kwacha inatsikira poiyerekeza ndi dola, 520 yemweyo mumamugawa ndi 1,700, n'kupeza pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyankha mafunso awiri osiyana.

Kodi mumadziwa kuti ochita malonda m'malire muno anakumanapo ndi samu ya mabulaketi mu 2013? Pa 1 Januwale chaka chimenecho dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama yake, K1,000 yakale n'kukhala K1 yatsopano. Wokhala ndi ngongole ziwiri zakale, tinene 250,000 ndi 50,000, ankayenera kuwerengera (250,000 + 50,000) ÷ 1,000, zomwe ndi 300. Wolemba 250,000 + 50,000 ÷ 1,000 pa foni akanapeza 250,050. Zindikirani kuti pano kakyuleta yotchipa ikanapereka 300, yankho lofunikalo, chifukwa dongosolo la nkhaniyo likugwirizana ndi dongosolo lodinira mabatani. Chotero nkhani si yakuti makina ena ndi anzeru kuposa ena. Wodinayo ayenera kudziwa mtundu wa makina amene ali m'manja mwake.

Kodi mumadziwa kuti banki mkhonde itha kutaya ndalama popanda wakuba aliyense? Tinene kuti mayi wina anabwereka K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti, ndipo ali ndi chindapusa cha K1,000 chifukwa chochedwa kumsonkhano. Ayenera kubweza 50,000 + 50,000 × 20 ÷ 100 + 1,000, zomwe ndi K61,000. Mlembi akadina mzere umenewu motsatana pa kakyuleta yotchipa, ziyenda chonchi: 100,000, kenako 2,000,000, kenako 20,000, pomaliza 21,000. Apa gulu lizindikira msanga chifukwa 21,000 ndi yochepa kuposa ngongole yeniyeniyo. Zoopsa ndi pamene kulakwitsako kwapereka nambala yooneka ngati yoona, makamaka tsiku logawana masheya kumapeto kwa chaka, pamene manambala achuluka ndipo aliyense watopa. Gulu lochenjera limalemba chiwongoladzanja pa mzere wake, chindapusa pa mzere wake, n'kuwonkhetsa pomaliza.

Kodi mumadziwa kuti Microsoft Excel nayo ili ndi kachitidwe kake? Mukalemba =-3^2 imayankha 9, pamene buku la masamu limati −3² ndi −9. Alembi a makopaletivu a alimi amene ayamba kusunga kaundula pa kompyuta aziika mabulaketi paliponse pamene akukayika.

Kodi mumadziwa kuti pali kalembedwe ka masamu kosafuna bulaketi ngakhale imodzi? Anayambitsa ndi Jan Łukasiewicz wa ku Poland m'zaka za m'ma 1920. Mtundu wina wa kalembedweka, womwe chizindikiro chimabwera pambuyo pa manambala, unagwiritsidwa ntchito pa kakyuleta ya HP-35 ya mu 1972. Pamenepo (6 + 4) × 5 amalemba 6 4 + 5 ×.

Kodi mumadziwa kuti mwana wa Sitandade 8 amakumana ndi lamuloli pa mayeso a PSLCE a MANEB m'Chingerezi, chinenero chimene kunyumba kwawo ku Mkanda mwina sachiyankhula? Ndiye kuti akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, mawu ndi masamu, ndipo kuloweza zilembo 6 kumaoneka ngati njira yachidule kwa mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza. Koma pali njira zina zosafuna ndalama. Yoyamba ndi kuuza ana apeke nkhani ya samu iliyonse m'Chichewa asanayambe kuwerengera: 500 + 4 × 200 ikhale sopo wa K500 ndi mandasi 4 a K200. Yachiwiri ndi kuwauza adule mzere pansi pa manambala onse olumikizidwa ndi × kapena ÷, chifukwa amenewo ali ngati mtolo wa nkhuni womangidwa kale, umene sungausolole nkhuni imodzi n'kuiphatikiza ndi zina zapambali. Akamaliza mtolo uliwonse, chotsala ndi kuphatikiza ndi kuchotsa kuyambira kumanzere. Yachitatu ndi kulemba BODMAS pabolodi m'mizere 4 yotsika pansi, D ndi M pa mzere umodzi, A ndi S pa mzere umodzi, osati m'litali monga dzina la munthu.

Kodi mumadziwa kuti manambala anayi omwewo, ndi zizindikiro zomwezo, atha kupereka mayankho anayi? Aphunzitsi, yesani izi ndi kalasi yanu. Lembani 6 + 4 × 5 − 2 kanayi pabolodi. Yoyamba muisiye choncho, yankho lake ndi 24. Pa zitatu zotsalazo perekani choko kwa ana kuti aike okha mabulaketi mpaka apeze 48, 18 ndi 30. Opeza 30 muwafunse kuti afotokozere anzawo chifukwa chake anafunika mabulaketi awiri.