Chimatha makala ndi poto kapena madzi?

Mukateleka poto wopanda kanthu pa mbaula, posakhalitsa sagwirikanso ndi manja. Koma mukathiramo madzi a nsima, mumadikira ndithu kuti awire, chonsecho makala ndi omwewo. Kusiyanaku kumawerengeka, ndipo masamu ake ndi ongochulukitsa manambala atatu.

Nambala yoyamba ndi kulemera kwa chinthucho m'makilogalamu. Yachiwiri ndi madigiri amene mukufuna kuti kutentha kwake kukwere. Yachitatu, pamene pagona nkhani, ndi mphamvu yofunika kuti kilogalamu imodzi ya chinthucho itenthe ndi digiri imodzi. Ana a sekondale amailoweza kuti specific heat capacity, ndipo chinthu chilichonse chili ndi yakeyake. Amene anayamba kuzindikira zimenezi ndi Joseph Black wa ku Scotland, cha m'ma 1760. Muyeso wa mphamvuyo ndi joule, dzina lochokera kwa James Prescott Joule wa ku England, yemwe m'zaka za m'ma 1840 anatakasa madzi ndi zopalasa zozungulira n'kuonetsa kuti ntchito imasanduka kutentha.

Kilogalamu imodzi ya aluminiyamu imafuna majoule pafupifupi 900 kuti ikwere digiri imodzi. Chitsulo wamba, ngati cha khasu kapena simbi, chimafuna 450. Mkuwa umafuna 385, pomwe mtovu ndi golide zimakhutira ndi 130 chabe. Nanga madzi? Pafupifupi 4,200.

Tiyeni titenge poto wa aluminiyamu wolemera kilogalamu imodzi, tsiku loti kunja kuli madigiri 25. Kuti afike pa 100 ayenera kukwera madigiri 75. Tikachulukitsa 1 ndi 900 ndi 75 tikupeza majoule 67,500. Tsono tithiremo malita awiri a madzi, omwe ndi makilogalamu awiri: 2 kuchulukitsa ndi 4,200 ndi 75 ndi majoule 630,000. Madziwo adya mphamvu yoposa ya poto kasanu ndi kanayi. Pa chitofu cha magetsi cha mawati 2,000, kutentha konse kutati kuzilowa m'poto osatayika, potoyo akanatha ndi masekondi 34, madziwo mphindi zisanu ndi pang'ono.

Ine ndimaona kuti masamu amenewa ndi ofunika kukhitchini kuposa m'kalasi. Banja lodandaula kuti thumba la makala silichedwa kutha lisalimbane ndi poto. Liyang'ane madzi amene limateleka opitirira muyeso, ndi nthunzi imene imathawa chifukwa poto sanavindikiridwe. Pamoto wa mafuwa atatu, kutentha kwambiri kumapita mumpweya osakhudza n'komwe poto, ndiye nkhuni zimene zimapsa zimaposa kutali zimene masamu anena.

Masamuwa ali ndi malire ake. Amisiri amene amasungunula zidutswa za aluminiyamu n'kuumba mapoto amadziwa kuti kufiiritsa ng'anjo sikokwanira. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Kumufikitsa pamenepo kuchoka pa 25 kumafuna majoule oposa 570,000 pa kilogalamu, ndipo kunena zoona n'koposerapo, popeza nambala ija ya 900 imakwera chitsulo chikamatentha kwambiri. Akafika pa 660 kutentha kumaima, sikukweranso, mpaka atalandira majoule ena pafupifupi 397,000 ongomusandutsa madzimadzi. Amene anatulukiranso kutentha kobisika kotereku ndi Black yemwe uja. Chitsulo wamba chimasungunuka pa madigiri 1,538, n'chifukwa chake osula makasu ndi nkhwangwa amangochifewetsa pamoto n'kuchimenya ndi nyundo.

Nkhaniyi imafikanso pa khungu lathu. Chitsulo chimaotcha msanga chifukwa chimapatsira kutentha mofulumira, koma kuchuluka kwa kutentha kumene chasunga kumadalira kulemera kwake. Kapepala ka aluminiyamu kokutira chakudya mutha kukagwira kangochoka mu uvuni, popeza n'kopepuka ndipo kamazizira pomwepo. Simbi ya makala ya makilogalamu awiri ikafika madigiri 200 imakhala itasunga majoule pafupifupi 157,500, ndipo imakhalabe yoopsa nthawi yaitali mwini wake atamaliza kusita. Isasiyidwe pansi pomwe mwana akukwawa.

Choopsa kwambiri ndi madzi aja. Kilogalamu imodzi ya madzi owira imasunga kutentha kochuluka kuposa kilogalamu ya chitsulo yotentha chimodzimodzi pafupifupi kasanu ndi kanayi. Akakhuthukira mwana amalowerera m'zovala n'kupitiriza kuotcha, ndipo phala limaposa apo chifukwa limamatirira. Khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa la wamkulu, kotero bala limazama msanga.

Komabe madzi omwewo ndiwo thandizo loyamba, pa chifukwa chomwechi: amatha kumeza kutentha kochuluka. Munthu akapsa, muvuleni chovala chonyowacho ngati sichinamatirire pakhungu, kenako thirani madzi oyera ozizira bwino pamalopo kwa mphindi 20. Musaikepo ayezi, mafuta ophikira, mazira kapena mankhwala otsukira mano. Phimbani ndi nsalu yoyera, musaboole matuza. Ngati bala ndi lalikulu, kapena lili kumaso, m'manja kapena kumalo obisika, kapenanso wapsayo ndi mwana wamng'ono, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.